Mlamba Ulibe Miyendo

"Ndiye mukundiuza kuti mlamba uwu wabwera wokha?"

A Manejala anaima pakhonde la alamu awo atanyamula mlambawo m'mwamba kuti aliyense wodutsa auone, mchira wake ukuwawomba pamkono. A Telala, mkazi wa malemu mng'ono wawo, sanachotse phazi pa makina osokera. Anali ndi diresi la mwini loti lithe tsiku lomwelo, komanso mkangano uwu unali wachitatu mwezi umodzi.

"Wabwera wokha, alamu. Ndaupeza m'mawa kuseri kwa bafa, m'kangalande ka madzi osamba. Ndinauika m'beseni kuti mukadzuka ndikupatsireni."

"Wokha. Kuchokera kudziwe kumtunda uko, kudutsa kanjira, kuzungulira nyumba. Unapanga odi?"

"Sunapange."

"Mlamu, ine sukulu ndinapitako. Mlamba ulibe miyendo."

Dzina la umanejalali sanalitenge ku ofesi ayi. Mng'ono wawo atangoikidwa m'manda, iwo anauza abale kuti chuma cha malemu chikufunika munthu woyendetsa bwino, poti m'manja mwa munthu wamkazi wa ana aakazi awiri chingomwazika. Anatenga dziwe la nsomba, wilibala, njinga ndi jekete. Kwa a Telala anasiya nyumba ndi chidzenje cha kuseri kwake, momwe kale anakumbamo dothi la njerwa. Malire anadula okha pamaso pa anthu, kuti kuyambira pakanjira kutsikira kumunsi zonse nza mlamu, ndi achule omwe. Kuchokera tsiku limenelo anthu anayamba kuwatchula a Manejala, ndipo eni ake ankayankha mwansangala poganiza kuti ndi ulemu.

A Telala anaimitsa makina nafotokozanso zimene anali atafotokoza kawiri. Dziwelo analikumba ndi amuna awo, ndipo zaka zisanu ndi zitatu ndi iwo ankadyetsa nsomba m'mawa ndi madzulo. Anati vuto linali ngalande yobweretsa madzi kuchokera kukasupe, imene a Manejala anaitseka nkukhotetsera madzi kumalo kwawo koumbira njerwa. Tsopano dziwe linali kuphwa, madzi otsalawo ankatentha ndi kununkha. Mlamba umatha kupuma kunja kwa madzi nthawi ndithu, ndiye ukaona kuti pokhala paipa, umangodikira mvula inyowetse udzu, nkutuluka. Umazika minga yake ya m'mbali pansi, nkumadzikankha ndi mchira, uku ndi uku, mpaka utapeza madzi ena. Madzi enawo anali m'chidzenje cha kuseri kwa nyumba.

A Manejala anaseka mpaka kutsokomola. Anati nkhani yotereyi akawauze ana a kusukulu ya mkaka, ndipo akafuna awonjezere kuti milambayo imapalasanso njinga. Kenako nkhope inasintha.

"Mverani, mlamu. Nyumba iyi ili pamalo a makolo anga. Ine mbava sindisunga. Mlamba wina ukadzangopezeka m'manja mwanu, ndikaitana azakhali, muzidzanyamuka."

"Tsekulani ngalande, alamu. Safunsa anadya phula."

"Phulalo ndidya. Inu sokani madiresi."

Atapita, a Telala anapeza kuti msoko waukhotetsa. Kunena zoona mantha anawagwira. Kwawo kumene anabadwira kunalibenso munthu, makolo anatha kalekale ndipo malo anagawana ena. Akachoka pano ndiye kuti ana awiri aja asiya sukulu, makina akayamba kugona m'makonde a anthu. Nyumbayo njerwa zake anasenza okha pamutu, malata ake anakhoma amuna awo iwo akupatsira misomali.

Sabata yoyamba a Manejala anamanga mpanda wa waya waminga kuzungulira dziwe. Unali mpanda wa mphamvu, wautali kuposa munthu, wa chitseko cha malata ndi loko wamkulu ngati chibakera. Kiyi anaimangirira pachingwe nkuivala m'khosi. Poti mbava amaiyembekezera kuchokera kumwamba, waya woyamba anauyambira m'maondo, pansi ponse panali pululu. A Telala podutsa ndi ndowa anangoyang'ana mpatawo nkupitirira. Mvula itagwa Lachinayi, anapeza milamba iwiri m'maluwa a pakhomo ndi wina pansi pa thandala la mbale.

Sabata yachiwiri kunabwera galu. A Manejala anamutenga kwa mnzawo woumba naye njerwa, ndipo anafika nthiti zikuwerengeka, maso ali mbuu. Anamumangirira kunja kwa mpanda, mbali ya kumunsi yoyang'ana kwa alamu, poti nkumene ankati mbava imachokera. Galuyo sanauwepo ngakhale kamodzi. Koma masiku asanathe khumi anali atanenepa, ubweya ukunyezimira ngati wadzola mafuta, ndipo mitambo ikangoda ankakhala tsonga kuyang'ana pansi pa waya uku akugwedeza mchira. A Manejala atapeza mitu ya milamba pamene ankagona galuyo, anapukusa mutu mwachisoni. Anauza anthu pachigayo kuti mlamu wawo wafika poipa, tsopano akuchita kupereka ziphuphu kwa galu.

Nkhani ikafika pachigayo ndiye kuti yafika paliponse. Amayi awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, wina akuti wasintha maganizo, wina osapereka nchifukwa chomwe. Mwana wamng'ono wa a Telala anabwera kusukulu akulira, ati anzake akumatseka mphuno iye akamadutsa.

Sabata yachitatu mkazi wa a Manejala anabwera kudzabwereka sizasi. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyamikira maluwa, akudandaula za msana, mpaka anaulula kuti bambo akufuna kumeta milamba ndevu. Nzeru yake inali yakuti mlamba wometa ukadzapezeka kwa alamu kapena pamsika, sipadzakhalanso kukana.

"Ndiye sizasi yogwirira mbava mwadzabwereka kwa mbava yomweyo?" anafunsa a Telala.

"Nanga yakuthwa ili ndi ndani pano? Ine, mlamu, zakuti mumaba sindizikhulupirira. Koma mukuwadziwa abambo aja, ukawatsutsa m'mawa ndiye kuti tsiku lonse wadya mawu."

Ankalankhula maso ali kudenga la khonde. Nyumba yawo inali yofolera udzu ndipo inkadontha mbali ya kubedi, choncho malata a alamu ankawayang'ana ngati mmene mwana amayang'anira mbale ya mnzake. A Telala anaona, koma sizasi anapereka.

Tsiku lonse a Manejala anali m'matope mpaka m'maondo, akukokolola milamba ndi ukonde, kuipana pakati pa miyendo nkumaimeta umodziumodzi. Anameta makumi awiri, zala zitatu zinalasidwa, dzuwa likulowa anatopa nkusiya yotsalayo ndi ndevu zake. Mvula inagwanso kawiri sabata imeneyo. Milamba inapitiriza kusowa m'dziwe, koma chodabwitsa, yometa yonse inalipo. A Telala chifukwa chake ankachidziwa, poti malemu ankakonda kunena kuti mphuno ya mlamba ndi ndevu zakezo, ndi zimene zimaulondolera kumene kuli madzi. A Manejala anali ndi yankho lawo. Anati sanaonepo mbava yochenjera chonchi, yochita kusankha yandevu yokhayokha.

Apa mpamene a Telala analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha mantha. Anaganiza kuti milamba ikamapezeka pakhomo pawo iwapalamulira, ndiye bola azibweza mwakachetechete. Kukacha mvula itagwa, ankadzuka anthu asanatsekule zitseko, kutola imene yasochera pabwalo, kuiika m'ndowa, kukwera nayo kumtunda nkuiponya m'dziwe kudzera pamwamba pa mpanda. Ina mwa milambayo anafika poizindikira nkhope. Panali umodzi wa chipsera pamutu umene anaubweza katatu, ndipo ulendo wachitatuwo anaukalipira ndithu ngati mwana wosamva.

Tsiku lachinayi, atangofika pampanda ndowa ili kumanja, galu akuwanyambita mapazi, anamva kutsokomola kumbuyo. A Manejala anatuluka kuseri kwa mulu wa njerwa atafunda thumba, udzu uli m'mutu, nkhope ikuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Ndikubweza, alamu," anatero a Telala.

"Eya, mukubweza. Mbava zonse zikagwidwa zimakhala zikubweza."

Azakhali anafika Loweruka masana. Anali mlongo wa bambo a a Manejala, mayi wonenepa wa maondo ovuta, woyenda ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi. Asanafike kwa a Telala anayamba alowa kwa mwana wa mlongo wawo, ndipo potuluka chikwama chawo chinali chitafufuma, mchira wa mlamba wowamba ukusuzumira pazipi. Anakhala pampando wa pakhonde la a Telala nauza onse kuti nkhani ikhale yachangu, poti kumwamba kwada ndipo maondo awo sagwirizana ndi matope.

A Telala anali atamanga kale katundu. Sankafuna kuti ana adzaone anthu akuwatulutsira mapoto panja, choncho ana anawatumiza kwa mnzawo, zovala anamanga m'mitolo, makina anawakulunga m'bulangete nkuwazenga ndi chingwe. Anakhala pamkeka pafupi ndi mitoloyo manja ali pamiyendo.

A Manejala anayala mlandu ataimirira. Anatchula mpanda, loko, galu wodya ziphuphu, ndevu, ndi ndowa imene anaibweretsa ngati umboni ngakhale inali yopanda kanthu. Anamaliza ndi kunena kuti iwo ndi munthu wachifundo, koma chifundo chinapha nkhwali. A Telala atapatsidwa mpata anafotokoza za ngalande, za madzi otentha, za minga ndi mchira. Azakhali ankamvetsera maso ali kumitambo.

"Mwana wanga," anatero pomaliza, "ine ndakalamba ndikugulitsa nsomba pamsika. Zouma, zaziwisi, zamchere. Palibe ndi imodzi yomwe inatsikapo pabenchi nkunditsanzika kuti ndapita. Ukanangovomera kuti njala inakupweteka tikanaona pokuthandiza. Koma bodza lotereli ndiye kutiyesa ana. Pofika Loweruka linalo ukhale utapereka makiyi a nyumba."

Mkazi wa a Manejala anayang'ana pansi, kenako kudenga. A Telala sanalire. Mtima unangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali chigamulocho koma kufulumira kwake, kuti zaka zonse zimene anakhala pabanjapo zinathera m'nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Azakhali anadzuka, natambasula ambulera, mvula nkuyamba. Sinayambe ndi kuwaza ayi, inangokhuthuka, malata akulira moti munthu sukanamva mnzako. Panalibe wochoka. Anthu atatu amene anangomaliza kuthamangitsa munthu anapanikizana pakhonde la munthu yemweyo, akusuntha mapazi kuthawa mpemera. A Telala, poti chizolowezi sichimva chigamulo, analowa m'nyumba nkuwatengera azakhali nsalu yofunda. Azakhali analandira osawayang'ana kumaso.

Patapita nthawi mvula inayamba kukata. Pabwalo ponse panali madzi oyenderera, osafika nkomwe mu akakolo. Woyamba kuona anali mkazi wa a Manejala, amene analoza kukanjira nafunsa ngati chimene chikubwera apocho ndi njoka.

Sinali njoka. Unali mlamba waukulu ngati mkono wa munthu, wa chipsera pamutu, ndevu zili patsogolo. Unkazika munga wa kumanja m'matope, kupinda thupi, kudzikankha, nkuzika wa kumanzere, mutu ukupita uku ndi uku ngati munthu wokana mlandu. Unkayenda pang'ono, kupuma kukamwa kuli yasa, nkuyambanso. Pambuyo pake panali ina iwiri. Pambuyo pa iwiriyo udzu wonse wa kumtunda unkagwedezeka. Milamba inkatuluka pansi pa waya waminga, chitseko chili chitsekere, loko ali lende, nkumatsika ndondondo kudutsa kanjira ka malire. Galu anali kalikiliki kumapeto kwa chingwe chake, osadziwa kuti agwire uti.

Wachipsera uja unadutsa pafupi penipeni ndi masitepe, nkukhota pakona ya nyumba ngati mwini mudzi, kulunjika kuchidzenje.

"Ndi umenewo ndinaubweza katatu," anatero a Telala.

A Manejala anagwira kiyi ya m'khosi mwawo ngati akufuna kuifunsa. Kenako anadumpha pakhonde nkuthamangira pabwalo atatambasula manja, akuikusa milambayo ngati mbuzi, akuiuza kuti ibwerere. Milamba siimva kukusa. Ina inawadutsa kumanja, ina pakati pa miyendo. Anawerama nkugwira umodzi, munga nkuwalasa pachala pomwe panali bala la tsiku lometa lija. Anakuwa, anaponda wina, miyendo yonse inapita kumwamba, nkukhala pansi m'matope kuti thapsa. Ali chikhalire chomwecho, kamlamba kakang'ono kanawakwera pabondo nkutsikira mbali inayo.

Azakhali anayamba ndi kugwira pakamwa, koma zinakanika. Anaseka mpaka ambulera inagwa, misozi ili chuchuchu, akumenya bondo lodwala lomwelo. Ngakhale mkazi wa a Manejala anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka.

"Iwe, dzuka apo usatichititse manyazi," anatero azakhali atapeza mpweya. "Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Basi nkhani yatha, panalibe wakuba. Mwana wanga, masula katundu wako. Gwiranani chanza, izi tiziiwale."

A Manejala anabwera akudontha matope, dzanja lili m'khwapa. Anati chabwino, za kuba azisiya, koma mlamu abwereke ndowa ndi ukonde kuti akavuule nsomba zawo m'chidzenjemo kusanade.

A Telala sanatambasule dzanja. Anali asanasekeko ngakhale pang'ono.

"Azakhali, ndilankhuleko. Milungu itatu ndakhala mbava pamudzi pano. Mwana wanga anzake akumutsekera mphuno. Zimene mwaonazi ndinazinena katatu kwa alamu, kachinayi kwa inu lero lomwe, ndi pakamwa panga. Simunamve. Zabwera nsomba zopanda mawu, mwakhulupirira nthawi yomweyo. Ndiye mvula ikanachedwa pang'ono, inu mutakwera kale minibasi, ine ndi ana anga tikanagona kuti Loweruka linalo?"

Azakhali anatola ambulera nkuyamba kuikonza nthiti yothyoka ija, imene inathyoka chaka chatha.

"Za ndowa, alamu, malire munadula nokha. Munati kuyambira pakanjira kutsikira kumunsi zonse nzanga, ndi achule omwe. Sindinaziitane nsombazo, ndipo sindizibwezanso."

"Zimenezo ndinanena za achule."

"Unati zonse," anatero azakhali motsitsa mawu, maso ali pa ambulera. "Ndinalipo."

A Telala anapitiriza. "Ndipo ndikupempha kiyi ya kudziwe. Muli milamba makumi awiri imene munaimeta, singathe kudzipulumutsa. Dziwe lija ndinakumba ndi amuna anga. Inu munalitenga kuti lisamwazike, ndiye taonani pabwalopa mmene lasungikira."

A Manejala anayang'ana azakhali kuti awathandize. Azakhali anasuntha chikwama chawo nkuchiika kuseri kwa mpando, kumene mchira uja sunkaoneka, ndipo anati madzi saiwala khwawa, apereke kiyiyo. A Manejala anayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo nkuwauza kuti avule msanga chingwecho apite akatsuke bala lisanatupe. Chingwe chinakola khutu potuluka, koma chinatuluka.

A Telala anatenga khasu nkukwera kumtunda okha. Atatsekula chitseko cha malata anaima kaye. Dziwe limene kale munthu ankamira mpaka m'chifuwa linali thope lokhalokha, madzi a mvula atangodekha pamwamba. M'mphepete mwake milamba yometa ija inali itatuluka nayonso, koma inkangozungulira pamodzimodzi, wina kulowera kumpanda, wina kubwerera, yosadziwa kolowera. Apa mpamene misozi inabwera, ndipo anailola. Anaitola umodziumodzi nkuibwezera pakati pa dziwe pamene panali pozamirapo. Kenako anapita pamene ngalande inatsekedwa ndi njerwa zosweka, nagumula ndi khasu mpaka madzi a kukasupe anayamba kulowa.

Kumunsi a Manejala ankafunsa mokweza kuti nanga njerwa aziumba ndi chiyani.

Dzuwa litapendeka, azakhali atapita, mkazi wa a Manejala anabwera pakhonde ndi sizasi ija. Anaipereka ndi manja awiri, nthawi ino osayang'ana kudenga. Inali ikununkhabe nsomba. A Telala anaitsuka ndi sopo, anaipukuta pansalu, nkuyamba kudula zingwe za katundu, kuyambira ndi cha makina.